Chambiko Chofinya ndi Zipatso za Kwathu

(Nyimbo ya ngoma ya Chingoni, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Amayi ndi abambo, anyamata ndi atsikana, kulikonse kumene mwatchera khutu: kuno ku Ulongwe, ku Domwe, ku Lifidzi, ku Calómuè, abale athu a ku Tsangano, ndi inu a tsidya la malire ku Dedza ndi ku Ntcheu amene mawu athu amakupezani, ino ndi nthawi yathu yokambirana za kadyedwe pakhomo. Amene muli pa mtondo pitirizani kusinja, amene mukuchokera kumunda khalani pansi mupumule, tikambirane.

Tili m'mwezi wa Januwale. Mvula yakhazikika, chimanga chikukula, koma m'nkhokwe zambiri pansi payamba kuoneka. Nkhuni zanyowa, moto ukungofuka utsi. Mayi akalawirira kopalira kapena kobandira, amabwerako dzuwa litapendeka, msana ukupweteka, ndipo ana amene anatsala pakhomo atha tsiku lonse ndi mkute wadzulo, mwinanso osalawa kanthu. Komatu nyengo yomweyi ndi imene msipu wabiriwira m'madambo, ndipo ng'ombe zikutulutsa mkaka wochuluka kuposa miyezi ina yonse ya pachaka. Nyengo yomweyinso mapichesi akuyoyoka okha kuseri kwa nyumba mpaka kuwolera pansi, mango akubwera m'madengu kuchokera kumadera otentha, nthochi zapsa m'dimba. Zinthu ziwirizi, mkaka ndi zipatso, zimachuluka pa nthawi imene njala yafika pakhomo, koma m'mbale ya mwana sizikumana. Zimenezi zimandiwawa mtima, ndipo n'chifukwa chake lero tikamba za chakudya chimodzi chokha, chosavuta, chimene pochikonza simusonkha moto: tchizi wofewa wa mkaka wa ng'ombe zathu, wosakaniza ndi zipatso.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2011 anapeza kuti ana 43 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Wa mu 2022 ndi 2023 anapeza ana 37 mwa 100 alionse. Chiwerengero chatsika ndithu, komabe mwana mmodzi mwa atatu alionse sakukula monga mmene anayenera kukulira. Wina angaganize kuti vutoli ndi la kumadera ouma okha. Ayi. Kuno kumapiri timadyetsa mzinda wa Tete ndi kupitirira apo, mbatatesi, nyemba, kabichi ndi chimanga zimatuluka m'magalimoto odzaza, koma mwana amene amangodya phala la ufa woyera m'mawa ndi nsima ya masamba madzulo akhoza kukhuta tsiku lililonse n'kupinimbirabe. Mimba yadzaza, koma thupi silinalandire zomangira minofu ndi mafupa.

Mwina ena mwamva mawu oti tchizi n'kuganiza kuti ndi za m'masitolo akuluakulu a ku Tete kapena ku Lilongwe, zodula, za anthu a ndalama. Tchizi amene ndikunena ine ndi chambiko chomwechi chimene agogo athu ankachidziwa, chochotsedwa madzi basi. Angoni a kwa Maseko atabwerera kuchokera ku Songea n'kukhazikika m'munsi mwa phiri la Domwe m'zaka za m'ma 1870, m'masiku a atsogoleri awo Chidyaonga ndi Chikuse, chuma chawo chinali khola. Mkaka sankaumwa wongokama kumene ayi. Ankauthira m'chipanda, n'kuusiya kuti usase ndi kugwirana, kenako ankakhetsa madzi ake n'kutsala ndi zoyera zolimba zija zimene ankazitcha amasi. Anyamata obusa ng'ombe ankakulira zimenezo. Kwa Azulu nakonso, amasi anali chakudya cholemekezeka kwambiri moti munthu sankadya amasi pakhomo pa anthu amene si a mtundu wake. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadula dziko la Angoni pakati, ena kukhala ku Nyasaland ena kuno, koma khola linatsala mbali zonse ziwiri.

Chimene chinatisokoneza kwambiri ndi nkhondo yapachiweniweni. Anthu ambiri a boma lino anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, makola anatsala opanda kanthu, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja ochuluka anayambira pa ziro kuweta. Ana amene anakulira kothawa nkhondo sanaone amayi awo akusamalira chipanda cha mkaka. Ng'ombe zinabwerera, koma m'makomo ambiri zinabwerera ngati zokoka ngolo ndi khasu, zogulitsa pakagwa vuto, ndipo luso la mkaka linatsalira m'mbuyo. Ng'ombe yathu ya linunda ija, imene akatswiri a ziweto amaitcha Angone potengera dera lino, siitulutsa mkaka wambiri. Ikayamwitsa mwana wake, wokama amapeza lita imodzi kapena awiri patsiku. Koma mkaka wake ndi wa mafuta, ndipo lita imodzi ndi yokwana kusintha kadyedwe ka ana atatu pakhomo.

Anthu a m'maiko ena amachita zomwezi. Amwenye amagwiranitsa mkaka wotentha ndi madzi a mandimu n'kupanga paneer. Ku Lebanon amakoloweka yogati m'nsalu usiku wonse n'kupeza labneh. Ku Ethiopia ali ndi ayib. Apwitikizi ali ndi queijo fresco amene ena mwa inu munamuona m'masitolo. Abale athu amene anagwirako ntchito ku Joni amadziwa amasi a m'mabotolo, a ku Zambia amadziwa mabisi. Palibe chachilendo apa.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Tisanafike pa kakonzedwe, pali mfundo imodzi imene sindingailumphe, ndipo ndikupempha kuti amene mumakama ng'ombe muimvetsetse bwino. Ndanena kuti chakudyachi n'chosaphika, ndipo n'zoona: mbale imene mwana adye simuika pamoto. Koma mkaka wochokera m'khola uyenera kuwira kamodzi usanachite china chilichonse. Ng'ombe yooneka yonenepa bwino ikhoza kukhala ndi chifuwa chachikulu cha ng'ombe, chimene chimalowa mwa munthu kudzera mu mkaka wosawiritsa. Palinso matenda aja amene amachititsa ng'ombe kutaya bere, amene madokotala amawatcha brucelose. Munthu akawatenga amamva malungo obwerezabwereza, thukuta la usiku ndi kuphwanya kwa m'malo olumikizana mafupa, n'kumangomwa mankhwala a malungo osachira. Kwa mayi woyembekezera, tizilombo tina ta mu mkaka wosawiritsa tikhoza kuwononga mimba. Ena amati mkaka ukasasa tizilombo tonse timafa. Kusasa kumachepetsa tina, koma sikupha tonse. Moto ndi umene umapha. M'mafakitale amatenthetsa mkaka pa madigiri 72 kwa masekondi 15, njira imene inatenga dzina la Louis Pasteur wa ku France. Ife pakhomo tilibe choyezera kutentha, choncho timangoudikira kuti uwire mpaka ufufume. Musasonkhere moto wapadera. Mukaphula nsima yamadzulo, terekani poto wa mkaka pa mafuwa omwewo, muzitakasa kuti usapserere pansi.

Wokama asambe m'manja ndi sopo, atsuke mawere a ng'ombe ndi madzi ofunda n'kuwapukuta ndi kansalu koyera. Madontho oyamba a bere lililonse akamire pansi kapena m'kachitini kapadera, ayang'ane. Mukaona timibulu, mafinya kapena magazi, kapena bere latupa ndipo likutentha, mkaka umenewo si wa anthu, itanani mlangizi wa ziweto. Ng'ombe imene yabayidwa jakisoni wa mankhwala opha tizilombo, dikirani mpaka masiku amene mlangizi wanena atakwana. Mkaka wa mankhwala si wabwino kwa ana, komanso mudzaona kuti ukukana kusasa bwino chifukwa mankhwalawo amapha ndi tizilombo tabwino tomwe. Ng'ombe ikangobereka, mkaka wachikasu wa masiku oyambirira musiyireni mwana wake.

Ndipo chonde, abambo inu amene mumalima mbatatesi, tomato ndi fodya: chigubu kapena botolo limene munali mankhwala opopera mbewu lisayandikire mkaka ngakhale mutalitsuka kakhumi. Ndaonapo mkaka ukugulitsidwa m'mabotolo amene fungo la mankhwala linali lisanathe, ndipo wogula anali mayi wobereka mwana kumbuyo. Botolo lotere libooleni, likwirireni kutali ndi chitsime.

Tsopano tikonze. Titenge malita awiri a mkaka wowiritsa. Usiyeni uzizire uli wovundikira, mpaka mukadontheza pang'ono pa dzanja musamve kuwotcha, ungomveka wofunda. Ukatero, thiranimo masupuni akuluakulu anayi a chambiko chabwino chimene munapanga kale, kapena cha m'paketi chogula kusitolo. Chimenechi ndiye chofufumitsa chathu. Popeza moto wapha tizilombo tonse, toipa ndi tabwino, mkaka wowiritsa ukangosiyidwa wokha nthawi zina umawola m'malo mosasa. Masupuni anayi aja amabweretsa tizilombo tabwino timene timadya shuga wa mu mkaka n'kumusandutsa asidi. Asidi ameneyo ndi amene amagwiranitsa mkaka, amaupatsa kukoma kowawasa kuja, komanso amatsekereza tizilombo toipa kuti tisaswane.

Muthire m'chiyani? M'chipanda chotsukidwa bwino ndi madzi otentha, m'bakuli la enamelo losakumbika, m'botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, kapena m'kandowa kapulasitiki kosungira zakudya. Poto wa aluminiyamu ndi wowiritsira chabe. Mukasungiramo mkaka wosasa, asidi amadya chitsulocho ndipo chambiko chimamveka chitsulo m'kamwa. Vundikirani, ikani pakona pamene sipafika dzuwa, ndipo musamagwedezegwedeze. M'nyengo ino yofunda, tsiku limodzi ndi usiku wake zimakwana. Koma kwathu kuno ndi kumtunda, phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000, ndipo mu Juni ndi Julaye kuzizira kwake mukukudziwa nokha. Nthawi imeneyo kulungani chiwiyacho ndi bulangete, chiikeni pafupi ndi pamoto, ndipo mulole masiku awiri.

Mudziwa bwanji kuti chapsa? Pendeketsani chiwiya pang'ono. Mkaka ukhala utagwirana ngati phala lozizira, ukusiyana ndi m'mbali mwa chiwiya, ndipo timadzi tachikasu tikuoneka pamwamba. Fungo lake likhale lowawasa mosangalatsa. Mukaona kuti chatuluka thovu lambirimbiri, chikunanda n'kumakoka ulusi, chili ndi madontho ofiira, obiriwira kapena akuda, kapena chikununkha zowola, musalawe n'komwe. Tayani, tsukani chiwiya ndi madzi owira, muyambirenso ndi chofufumitsa china.

Apa ndi pamene chambiko chimasanduka tchizi. Pezani nsalu yoyera yopyapyala ya thonje, imene ntchito yake ikhale imeneyi yokha. Isakhale chitenje chimene mumaberekera mwana kapena chopukutira mbale. Iviikeni m'madzi owira, ifinyeni, muiyale pa sefa, ndipo sefayo muikhazike pa beseni. Musanathire, tapani masupuni anayi musunge padera, ndi mbewu ya mawa imeneyo. Kenako thirani chambiko pang'onopang'ono pansalupo, osachimenya. Gwirani ngodya zinayi za nsalu, mangani ndi kachingwe, mukoloweke pa mtanda wa denga kapena pa mthiko wopingasa pakamwa pa ndowa. Poyamba madzi amatsika mothamanga, kenako amayamba kudontha limodzilimodzi. Pakatha maola anayi kapena asanu muli ndi tchizi wofewa wodya ndi supuni. Mukasiya usiku wonse, m'mawa mumasula nsalu n'kupeza chibulunga choyera chimene chimachoka chokha pansalu, chokhala ndi zidindo za ulusi wa nsaluyo, ndipo mukhoza kuchidula ndi mpeni. Pa malita awiri aja mupeza pafupifupi makapu awiri. Ntchentche ndiye mdani wamkulu pa ntchitoyi, choncho ngati mwakoloweka m'ndowa, phimbani pamwamba ndi nsalu ina kapena lichero.

Madzi achikasu amene atsikira m'beseni musataye. Muli mchere wa m'thupi ndi zomanga thupi pang'ono. Phikirani phala la ana, kandirani ufa wa mandasi kapena chigumu, ndipo otsala apatseni nkhumba ndi nkhuku.

Pali njira yachidule kwa amene simukufuna kudikira mawa. Mkaka ukangowira, uphuleni, ndipo udakali wotentha thiranimo madzi a mandimu, masupuni awiri kapena atatu pa lita imodzi, mukutakasa mofatsa. Mudzaona ndi maso anu mkaka ukugawikana, zoyera paokha madzi paokha. Usiyeni mphindi 10, tsanulirani pansalu, ndipo pakatha theka la ola mwamaliza. Lita imodzi imapereka magalamu 150 kapena 200. Tchizi ameneyu sawawasa, ana ambiri amamukonda, koma popeza alibe asidi wokwanira womuteteza, sachedwa kuwonongeka. Adyedwe tsiku lomwelo.

Inu a m'tauni amene mulibe khola, njira yanu ndiye yosafuna moto ngakhale pang'ono. Chambiko cha m'paketi kapena yogati wopanda shuga zinatenthetsedwa kale kufakitale. Onani tsiku lothera ntchito, onani kuti paketi siinafufume, tsanulirani pansalu, basi.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Tabweranso, ndipo tsopano tilowe m'dimba. Chipatso choyamba ndi pichesi, chifukwa ndi chimene tili nacho chambiri pakali pano kuno ndi ku Tsangano. Sankhani mapichesi akupsa, ofewa pang'ono mukadina ndi chala, othyola mumtengo osati otola pansi pamene nkhumba ndi nkhuku zadutsa. Atsukeni ndi madzi abwino, mukupukuta ubweya wa pakhungu uja. Nyengo ya mvula ndi nyengonso ya kolera ndi kutsegula m'mimba, ndipo tonse tikukumbukira mmene kolera inavutira ku Malawi ndi kuno ku Mozambique mu 2022 ndi 2023. Chakudya chosaphika chimadalira ukhondo wa madzi ndi wa manja anu. Madzi otsukira zipatso akhale owiritsa kapena othira Certeza, a ku Malawi mumati WaterGuard, potsatira muyezo wolembedwa pabotolo. Mpeni umene mwadulira nyama kapena nsomba utsukidwe ndi sopo usanakhudze chipatso.

Pichesi lililonse ling'ambeni pakati muyang'ane pafupi ndi nthanga, chifukwa ndi mmene mphutsi zimabisala ngakhale kunja kukuoneka kosalala. Nthangazo tayani kutali. Ana amakonda kuziswa ndi mwala kuti adye kamtedza ka m'kati, koma kamtedzako kali ndi poizoni amene akachuluka amavulaza mwana.

Nayi mbale ya mwana wa sukulu. Ikani masupuni anayi kapena asanu a tchizi m'mbale. Kanyani theka la nthochi yakupsa kwambiri, ya madontho akuda pakhungu, musakanize ndi tchiziyo. Nthochi ndiyo imathetsa kuwawasa, moti shuga safunikanso. Pamwamba ikani pichesi limodzi loduladula. Ngati muli ndi mtedza wokazinga, sinjani pang'ono muwaze, mutachotsa wonse wofota ndi wa chuku. Wamkulu akhoza kuthira kadontho ka uchi. Ntchito yonseyi siitha mphindi zisanu, ndipo mtsikana kapena mnyamata wa zaka 10 amene waphunzitsidwa kusamba m'manja akhoza kukonzera azing'ono ake makolo ali kumunda. Ndatchula mnyamata dala. Amene amabusa ndi kukama ng'ombe asachite manyazi kumanga nsalu ya tchizi.

Mango amagwirizana kwambiri ndi tchizi wowawasa. A ulusi aja, amene ndi ovuta kudula, afinyireni m'mbale. Mango ndi papaya, zipatso zofiirira m'kati, zimapatsa thupi vitamini A amene amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha thupi, ndipo vitamini ameneyu amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Mafutawo ali kale mu tchizi. Magwafa akayamba kupsa, dziwani kuti gwafa lili ndi vitamini C woposa wa lalanje kuwirikiza katatu kapena kanayi. Kwa ana aang'ono kokotani nthanga zake, mugwiritse ntchito mnofu wa kunja. Masuku, kwa amene muli pafupi ndi nkhalango zimene zinapulumuka nkhwangwa, afinyeni muchotse nthanga, mnofu wake muthire pa tchizi.

Mapichesi akatha musaleke. Mapeyala amabwera, ndipo peyala lokanya ndi tchizi, kamchere pang'ono ndi madontho a mandimu kuti lisade, mukhoza kudyera mbatata kapena buledi. M'nyengo yozizira kumabwera malalanje ndi manachesi a ku Mwanza kudzera ku Zóbuè. Kuchokera kumunsi kotentha, ku Changara ndi m'mbali mwa Zambezi, kumabwera malambe ndi masawu. Ufa wa malambe supuni imodzi ndi wokwana, koma popeza nawonso ndi wowawasa, phatikizani ndi nthochi. Nthochi ndiye sizisowa chaka chonse.

Zipatso ziwiri zokha muchenjere nazo: chinanazi ndi papaya, makamaka wosapsetsa. Zili ndi mphamvu yosungunula zomanga thupi za mu mkaka, mphamvu yomweyo imene imafewetsa nyama yolimba mukaikulunga m'masamba a papaya. Mukasakaniza n'kusiya kwa ola limodzi kapena awiri, tchizi amasungunuka n'kuyamba kuwawa. Si poizoni, koma mwana akalawa kamodzi zowawa sadzafunanso. Ziikeni pamwamba pa nthawi yodya yomweyo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka agogo athu, mukupukusa mutu. Timamva m'midzi kuti mkaka ndi zipatso zowawasa sizikumana, kuti mkaka ukagwirana m'mimba munthu adwala. Ku Brazil nakonso anthu anakhulupirira kwa zaka zambiri kuti mango ndi mkaka zimapha. Ndikunena mwaulemu, agogo, kuti m'mimba mwa munthu aliyense muli asidi wamphamvu kuposa mandimu, ndipo mkaka uliwonse umene timamwa umagwirana ukangofika m'menemo. Ndi mmene thupi limayambira kuugaya. Chimene chimadwalitsa ndi chipatso chosatsuka, manja akuda, kapena mkaka wosawiritsa. Pali anthu ndithu amene akamwa mkaka wongokama mimba imadzaza mpweya, kulira ndi kutsegula, chifukwa thupi lawo siligaya bwino shuga wa mu mkaka. Anthu otere ndi ambiri pakati pathu, ndipo sakunama. Koma kwa iwowa tchizi wa chambiko ndiye wabwino, chifukwa shuga wina wadyedwa kale ndi tizilombo tabwino tija, ndipo wina watsika ndi madzi m'beseni. Ayambe ndi supuni ziwiri aone mmene thupi lichitire. Koma mwana akadya za mkaka n'kutuluka zidzolo, kutupa milomo, kusanza kapena kubanika, limenelo ndi vuto lina. Musiyitseni ndipo thamangani naye kuchipatala.

Za makanda tsopano, amayi mvetserani. Mwana asanakwane miyezi 6, bere lokha, popanda madzi, phala kapena tchizi. Akakwana miyezi 6, bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo pa zakudya zowonjezera mukhoza kumupatsa supuni imodzi kapena ziwiri za tchizi wofewa wa mkaka wowiritsa, wokanyira limodzi ndi nthochi kapena peyala mpaka zisalale. Musathire mchere kapena shuga. Uchi musamupatse mpaka atakwanitsa chaka chimodzi, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato. Mtedza ukhale wosinja kwambiri, osati wathunthu, angatsamwe. Dziwaninso kuti mkaka uli ndi kashiamu womanga mafupa ndi mano, koma ayironi wowonjezera magazi ndi wochepa kwambiri. Choncho tchizi asalowe m'malo mwa nyemba, mazira, usipa, chiwindi ndi masamba obiriwira. Mukapita kusikelo, afunseni anamwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kuti aone ngati mwana akukwera bwino.

Tchizi amakhala masiku angati? Amene muli ndi firiji, masiku atatu kapena anayi m'chiwiya chotseka. Amene mulibe, tchizi wa chambiko adyedwe tsiku limene mwamasula nsalu kapena mawa lake, ndipo mumusunge m'bakuli lovundikira, lokhazikidwa m'beseni la madzi ozizira pamthunzi. Kamchere pang'ono kamathandiza ngati ndi wa akuluakulu. Koma mukangosakaniza ndi zipatso, idyani nthawi yomweyo, zisagone. N'chifukwa chake ndi bwino kupanga pang'ono tsiku ndi tsiku kusiyana ndi kudzaza ndowa kamodzi pa sabata.

Mawu anga omaliza apite kwa eni makola. M'makomo ambiri ng'ombe ndi za bambo kapena za malume, ndipo ndi iwo amene amanena kumene mkaka upite. Sindikutsutsa kugulitsa, ndalama ya sopo ndi makope imafunika. Koma mkaka wa m'mawa ukapita kumsika, wa madzulo utsale pakhomo. Ngati mumakama kamodzi patsiku, patulani kapu ziwiri musanatseke chigubu. Inu anaNgozo, anaPhiri, anaBanda amene muli m'magulu a amayi a kumpingo kapena a banki m'khonde, amene ali ndi mkaka asinthane ndi amene ali ndi mapichesi, ndipo chofufumitsa chabwino mugawane nyumba ndi nyumba kuti chisathe m'mudzi. Ngati ng'ombe yanu inatayapo bere, kapena ikutsokomola ndi kuwonda popanda chifukwa chooneka, kanenani kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya boma ya SDAE kuno ku Ulongwe kapena kwa mlangizi wa m'dera lanu, ndipo musagwire zotuluka m'mimba mwake ndi manja opanda chotchinga.

Sabata yamawa pa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za kuyanika mapichesi ndi mango kuti tidzadye mu Ogasiti. Amene muli ndi malichero akale ndi neti yotchingira ntchentche, muzikonzeretu. 

(Nyimbo ikwere mpaka kumapeto)